Olive Wosoka Matanga Afika pa Chizumulu

Olive Likoswe adabadwira mtunda woyenda ola limodzi kuchokera kunyanja, koma adafika zaka makumi atatu ndi zinayi asanalowemo ngakhale mpaka m'mawondo. Bambo ake, a Wyson, adachoka kwawo ku Chiradzulu akadali mnyamata kudzacheka mitengo ya mphira pa esiteti ina ya m'boma la Nkhata Bay, ndipo madzi amene ankawakhulupirira anali a m'ndowa basi. "Nyanja ili ndi eni ake," ankatero. "Ife ndife a kumtunda." Choncho Olive adakulira m'malayini a antchito, zovala zili fungo la utomoni wowawasa, nyanja akungoiwonera patali ngati munda wa eni.

Chimene adatola pakhomo pa makolo ake ndi singano. Mayi ake anali ndi makina osokera opalasa ndi mwendo, ndipo pofika sitandade seveni Olive ankatha kutembenuza kolala ya shati yothaitha n'kuoneka ngati yogula dzulo. Adakwatiwa ndi Davie, amene adapita ku Joni kukasaka maganyu. Chaka choyamba Davie ankaimba foni Lamulungu lililonse, chachiwiri pa Khirisimasi pokha, chachitatu kudangoti zii. Olive sadadikire chachinayi. Adakweza makina aja pa minibasi, mwana wake Sophie ali pamiyendo, n'kukapeza ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina ya ku Kande. Neti ya udzudzu ikabooka, katani ikasosoka, yunifomu ya wophika ikang'ambika, zonse zinkathera kwa iye, kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango.

Pa lojipo panali boti loyera la thanga lotchedwa Kakowa, lonyamula alendo ofuna kuyenda ndi mphepo popanda phokoso la injini. Woliyendetsa anali a Moses Longwe, Mtonga wa ku Tukombo, bambo wamfupi wa imvi amene adathera unyamata wake pa sitima zonyamula katundu. Tsiku lina m'mwezi wa Julayi mphepo ya mwera idawapeza ali kutali ndi gombe, thanga lalikulu n'kung'ambika kuyambira pakati mpaka m'mphepete. Mwini loji adati latsopano lidzachokera kunja, mwina pakapita miyezi isanu. A Moses adalikulunga, kulisenza, n'kukalitula pamapazi pa Olive.

"Ama, akuti inu mumasoka chilichonse."

"Chilichonse chovala, ada. Nanga ichi amavala ndani?"

"Mlongoti wa boti langa. Ndipo panopa uli mbulanda, anthu akuuseka."

Olive adaliyala pa kapinga n'kulizungulira kawiri. Nsaluyo inali yolimba ngati chikopa cha ng'ombe. Makina ake adathyola singano zisanu ndi zinayi tsiku loyamba lomwelo, iye n'kuwavundikira ndi chitenje. Adatenga singano yosokera matumba a chimanga, kuinola pa mwala, kupaka phula ulusi wa ukonde, n'kudula lilime la nsapato yakale kuti liteteze chikhato pokankha singano. Adasoka ndi manja masabata awiri, akaweruka pa zochapa. Atamaliza adaitana a Moses kuti adzatenge katundu wawo.

"Telala akasoka suti, sayang'ana m'mene yakhalira pa thupi?" adafunsa a Moses. "Tiyeni mukaione."

Olive adakana masiku atatu. La chinayi adamuveka jekete yoyandamitsa, kumukweza ngati thumba la ufa, iye maso ali tsinzini, manja atakakamira mpando. Adasanza kawiri boti lisanafike n'komwe pa kachilumba ka miyala ka pa Kande. Kenaka adamva kuti phaa pamwamba pa mutu wake, mphepo italowa m'thanga, ndipo adatsegula maso. Chigamba chake chidagwira, koma chakumtunda kwake kunali khwinya lalitali lonjenjemera.

"Imani! Apo ndakoka ulusi kwambiri."

"Boti la thanga siliima ngati minibasi, ama."

"Ndiye litembenuzeni ndione mbali inayo."

A Moses adaseka mpaka kutsokomola. Munthu amene ankalira kuti amubweze kumtunda tsopano anali chilili, dzanja lili pa mlongoti, akukangana ndi msoko wake.

Kuyambira pamenepo, tsiku lake lopuma Olive ankalithera pa Kakowa. Kusambira adaphunzitsidwa ndi amayi otsuka mbale pagombe, atakumbatira chigubu cha mafuta ophikira, iwo akumuwombera m'manja ndi kumuseka mwa Chitonga. A Moses adamuphunzitsa zingwe, iliyonse ndi ntchito yake, mfundo zosamasuka zikanyowa, kagwiridwe ka tsigiro, ndi kuwerenga mphepo pa khungu la madzi: mwera wochokera kummwera umene umabwera ndi mafunde aataliatali, mpoto wa nthawi ya dzinja wobwera modzidzimutsa, vuma wa kum'mawa. Asodzi ena ankati mkazi pa boti amathawitsa nsomba. Olive ankawayankha kuti ndiye azimuthokoza, chifukwa akuzithamangitsira ku maukonde awo. A Wyson atamva kuti mwana wawo akuyenda panyanja adakhala miyezi iwiri osamulankhula. Atayamba kumulankhula, nkhani ya nyanja ankailambalala ngati chitsa. Zaka zitatu zidatha chotero.

Kumapeto kwa Ogasiti wa chaka chachitatucho kudabwera azungu awiri okalamba, mwamuna ndi mkazi wake, okonda kuona mbalame. Adapempha ulendo wa ku Chizumulu, chilumba chaching'ono chomwe chili kutsidya, pafupi ndi Likoma, ulendo wa tsiku lathunthu pa madzi okhaokha. Olive anali asanapitepo kutali chotero. M'mawa wa tsiku lokonzekera, akulongedza zigubu za madzi akumwa, a Moses adamuitana.

"Ama, bwato lili apo lili ndi anthu angati?"

"Atatu. Wapakatiyo wavala chipewa chofiira."

"Ine ndikuona utsi basi." A Moses adaloza m'maso mwawo. "Ng'ala, maso onse awiri. Chaka chino chonse ndayenda ndi makutu anga ndi maso anu, inu osadziwa. Pafupi pano ndi kwathu, ndingayende nditatsinzina. Koma pa Chizumulu pali miyala yobisala, imafuna munthu wopenya. Abwana ndawauza dzulo kuti boti muyendetsa inu. Ati ngati ine ndakukhulupirirani, iwonso sakana."

"Ada, ine ndine wochapa."

"Mawa muchapa Kakowa ndi mafunde."

Adanyamuka kutangocha. Mphepo inali yofatsa, ndipo azungu aja ankaloza mbalame ndi kulemba m'kabuku. Inali nyengo yotentha tchire, mlengalenga muli chifunga cha utsi, moti pofika chakumasana mapiri a kumbuyo adazimirira pomwe kutsogolo kusanaoneke kanthu. Kulikonse kumene Olive ankayang'ana kunali madzi. Adayang'anitsitsa kampasi n'kumayimba chamumtima nyimbo ya kwaya ya kwawo kuti athamangitse mantha.

Dzuwa lili paliwombo, madzi a kummwera adada. Olive adaudziwa mtundu umenewo. Pasanathe mphindi khumi mwera udafika, Kakowa n'kupendekeka mpaka madzi kunyambita m'mphepete. Mayi wachizungu adasiya kabuku n'kugwira mkono wa mwamuna wake.

"Ada, ndipinde thanga?"

"Kaputeni safunsa katundu," adayankha a Moses, osatembenuka n'komwe.

Olive adadzuka pampando. "Gwirani tsigiro. Lozetsani mphuno ya boti ku mphepo, ndikanena."

"Chabwino, a kaputeni."

Olive adakwawa mpaka pa mlongoti, funde likumumenya kumaso, n'kutsitsa thanga kufika theka, kulimanga mfundo imodziimodzi zala zili gwa ndi kuzizira. Pomanga mfundo yomaliza adaona chigamba chake chija cha zaka zitatu chili nganganga, osasuntha ngakhale ulusi umodzi. Atabwerera pa tsigiro boti lidawongoka, lidasiya kulimbana ndi mafunde n'kuyamba kuwakwera limodzilimodzi. Pamenepo mantha adamuchoka ngati malungo akamatuluka ndi thukuta. Adazindikira kuti akuseka yekha.

Chilumba chidatulukira m'chifunga dzuwa litapendeka pang'ono: mapiri awiri, milambe yonenepa ili mbuu popanda tsamba, minda ya chinangwa yotchingidwa ndi mizere ya miyala kukwera nayo phiri. Olive adazungulira chakumpoto kumene mwera sufika ndi mphamvu. Adaimirira kuti aone bwino, chifukwa pamene pabisala mwala madzi amasanduka achikasu, ndipo adalowetsa Kakowa pakati pa miyala iwiri mwakachetechete ngati ulusi pa diso la singano. Nangula atagwira pansi, a Moses adavula chipewa n'kuchivalanso.

Pagombe panali patadzaza kale anthu. Amuna adasiya kusoka maukonde, amayi adasiya chinangwa chimene ankavuula m'madzi. Bambo wina wamtali, a Nathan Msumba, adalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kulunjika kwa a Moses.

"Timoneni, a kaputeni! Mwayenda bwanji ndi mwera umenewu?"

"Yewu, ada. Koma ine ndangokwera nawo. Moni wa kaputeni perekani uko."

A Nathan adayang'ana mzungu wamwamuna. A Moses adapukusa mutu. Kenaka a Nathan adayang'ana Olive, chitenje chili chonyowa, mpango utapotoka, akukulunga chingwe pa chigongono. Kumtunda mayi wina wojintcha adamenya nthungululu, anzake n'kulandira. Ameneyo anali a Edith, akazi awo a Nathan, ndipo Olive atangoponda mchenga adamugwira manja onse awiri, kuwatembenuza, kuonetsa anzawo zikhato zokhakhala.

"Taonani! Si zongomuikapo kuti ajambulidwe ayi. Manja ake ndi awa!"

Mwera udakula, ndipo zidadziwika kuti kubwerera kulibe mpaka utagona. Azungu sadadandaule, adapeza kogona pa kanyumba ka alendo ndipo ankangokhalira kukwera phiri ndi magalasi awo. Olive adamutenga a Edith. Adamuyendetsa mudzi wonse, njira zake zopapatiza zosadziwa tayala la galimoto, kumuonetsa tchalitchi, sukulu, matandala oyanikapo usipa, ndi mlambe wa mphako yoti anthu anayi n'kubisalamo mvula. Khomo lililonse ankafuna kumuona, ndipo khomo lililonse ankamupatsa kanthu: utaka wowamba, malambe, kondowole wa chinangwa amene Olive ankati adamuzolowera ku Kande, koma wa kuno adamugwira pakhosi mpaka amayi kugwa nacho chiseko. Chitonga chake chothyokathyoka ankachikonza mokoma mtima, mawu amodziamodzi.

M'mawa mwake Olive adaona boti lalikulu la matabwa litakokeredwa pamchenga, thanga lake litaunjikidwa pambali. Linali la a Nathan, ndipo a Edith adati ndilo limanyamula ufa, simenti ndi odwala pakati pa Chizumulu ndi Likoma sitima ikakhala kutali. Linali litagona sabata yachitatu. Olive sadathe kupirira. Adatambasula thangalo ndi phazi, kenaka ndi manja. Linali la matumba a feteleza ndi a ufa olumikizidwa, ndipo pa ngodya ya m'munsi panali zigamba zisanu, china pamwamba pa chinzake.

"Limang'ambika pomwepa nthawi zonse, eti?"

"Matumba a masiku ano ndi osalimba," adatero a Nathan.

"Matumba alibe mlandu, ada. Misoko yonse yagona mopingasa, ndiye mphepo ikakoka imakoka msoko, osati nsalu. Komanso mwalisoka lathyathyathya ngati bulangeti. Likamapita kumene mphepo ikupita limayenda, koma pobwerera mumapalasa. Ndanama?"

A Nathan adakanda m'mutu. "Bambo anga ankasoka chomwechi."

"Ndipo ankapalasa chomwechi," adatero a Edith. "Mpaka adapindika msana."

Amuna amene adasonkhana adaseka, koma m'maso mwawo munkaoneka kuti sakumvetsa. Olive adatembenukira kwa amayi. "Diresi la mayi woyembekezera mumalidula bwanji? Simusiya malo a mimba? Thanga nalonso limafuna mimba, chakutsogolo kuno, kuti mphepo ikhalemo n'kutuluka bwino." Amayi adangoti "Ooo!" onse pamodzi. Chimene amuna adalimbana nacho zaka, iwo adachigwira nthawi yomweyo.

A Nathan adavomera monyinyirika, ati poti thangalo n'lakufa kale. Pansi pa mlambe padasanduka shopu ya telala. Amayi khumi ndi mmodzi adamasula misoko yonse, kutsuka matumba, kuwayala pamchenga. Olive ankajambula ndi khala, kudula ndi lezala, mzere uliwonse wokhota pang'ono kuti polumikiza mimba ituluke yokha. Ku tchalitchi adapereka chidutswa cha tenti yakale cholimbitsira ngodya. A Moses, amene maso ankawakanika koma zala zikuona, adakhala pa mtondo wogadabuza n'kumasokerera chingwe m'mphepete monse. Amayiwo ankasoka akuimba, ana ali kumsana, wina akatopa wina n'kulowapo. Msoko wokhota Olive ankaumasula popanda chisoni, ngakhale wa a Edith amene.

"Iwe mwana wa kumtunda, ndiwe wankhanza!" ankadandaula a Edith, uku akuyambiranso.

Tsiku lachitatu masana adalikweza. Mudzi wonse udatsikira kugombe, ana a sukulu ndi aphunzitsi awo omwe. Mwera unali utayamba kufooka koma ukadalipo. A Nathan ndi amuna anayi adakankhira boti m'madzi, nkhafi zili pafupi poyembekezera manyazi. Thanga lidakwera likupupuma, kenaka lidatupa bwinobwino, loyera ndi lobiriwira, malemba a feteleza ali chadodolido. Boti lidatuluka m'doko. Aliyense ankadziwa kuti kupita si nkhani. Nkhani inali kubwerera. Ali patali a Nathan adatembenuza, kukoka chingwe, ndipo boti lija lidayamba kudula mphepo cham'mbali, kubwera, kubwera, popanda nkhafi ndi imodzi yomwe kukhudza madzi.

Phokoso limene lidabuka pagombe lidathamangitsa mbalame zonse za m'milambe, azungu aja n'kutsika phiri akuthamanga poyesa kuti kwagwa zovuta. Amayi adamunyamula Olive m'mwamba osamupempha. A Nathan adalumpha boti lisanagunde mchenga, kubwera madzi akuchucha, n'kugwira dzanja lake ndi manja awiri, bondo litapinda.

"A kaputeni," adatero, "tawonga ukongwa. Ndinalankhula mopusa."

"Musathokoze ine ndekha, ada. Osoka ndi awa. Likadzang'ambika musadzandiitane, akudziwa."

M'mawa mwake nyanja idagona, kutsala kamphepo kabwino. Kakowa adanyamuka atalemedwa ndi mphatso: thumba la malambe, dengu la utaka, ndi tambala wamoyo amene mzungu wamwamuna adamufungatira ulendo wonse. Olive adasiya thanga lili lopinda theka mpaka atadutsa miyala ija. Asanalimasule adamva nyimbo kumbuyo. Linali boti la a Nathan, litadzaza amayi khumi ndi mmodzi aja, likuwaperekeza. Lidawayandikira, kufanana nawo, kenaka pang'onopang'ono n'kuwapitirira, a Edith ataimirira kutsogolo akuvina ndi mapewa.

"Chikuchitika n'chiyani?" adafunsa a Moses, akutchera khutu.

"Matumba a feteleza atipitirira, ada."

"Aa! Ndiye mwaima pamenepo kudikira chiyani?"

Olive adawapatsa tsigiro, kuthamangira pa mlongoti n'kukweza thanga lonse. Maboti awiriwo adathamangitsana mtunda wautali ndithu, uku kukuwa, uko kukuwa, mpaka a Nathan adakweza chipewa n'kukhotera kwawo. Za amene adapambana, mpaka lero pa Chizumulu amanena zina, ku Kande amanena zina.

Chaka chomwecho a Moses adakachotsedwa ng'ala kuchipatala, ndipo adabwerako akuwerenga nambala za minibasi ili patali. Koma tsigiro adakana kulitenganso. Adati msana wawo wapeza mpando wabwino. Olive adapita ku Monkey Bay kukalemba mayeso a oyendetsa maboti, mkazi yekha m'chipinda cha amuna makumi awiri, ndipo adakhoza. Zochapa adazisiyira ena. Masiku ano amawoloka kupita pa Chizumulu kanayi kapena kasanu pa chaka, ndipo amayi a kumeneko asokapo kale matanga a maboti a ku Likoma ndi a kutsidya ku Mozambique.

Pagombe la mudzi uja pali mwala wina wosongoka pamene iye amamangapo chingwe cha kumbuyo kwa Kakowa. Palibe lamulo lililonse, koma msodzi aliyense amausiya. Ulendo wapitawu adapeza wina atamangirirapo mbuzi. A Edith adaimasula okha, n'kuikoka mudzi wonse akufunsa mwini wake khomo ndi khomo, ndipo mpaka Olive amanyamuka patapita masiku awiri, palibe amene adavomera kuti mbuziyo ndi yake.